Mahatchi a Popo ndi Phazi la Raisa

Area 25,
Lilongwe.
Lachinayi, 7 Ogasiti.

Okondedwa achemwali anga a Hafsah,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Swaleh, ndiponso kuti chifuwa chomwe chinawazunza mu Juni chija chinawasiya. Nanga mwana wanga Raisa ali bwanji? Dzino linkagwedera lija linachoka? Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti fumbi la mwezi uno latilowa mpaka m'mano.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pa foni ine ndimanama, achemwali. Mukangoti halo, pakamwa panga pamayamba kuthamanga pokha, ndipo ndikamadula ndimapeza kuti ndakuuzani zokoma zokhazokha. Pepala siliyankha, ndiye mwina pano ndinena zoona. Kalatayi ndapatsira a Fatu a kaunjika aja, amene akunyamuka mawa kubwera ku Namwera. Muiwerenge muli nokha, kenako muone zoti mukawauze amalume.

Uthenga wa amalume a Abdullah ndinaulandira. Akuti Loweruka pa 23 mwezi uno tikakumane pakhonde pawo, inu uku, ine uku, Raisa pakati, ndipo mwanayo akanene yekha kumene akufuna kukayambira Sitandade 1. Akuti kumene akayambireko n'kumene akulire, nkhani ithere pomwepo. Amalume ndimawadziwa. Safuna kukhumudwitsa munthu aliyense, ndiye katundu amene wawalemera iwo akufuna amusenzetse mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Koma ndisayambire kumapeto.

Pamene ndinkakusiyirani Raisa zaka zitatu zapitazo, bambo ake atangoti zii ku Joni, tinapangana kuti ndikapeza pokhala pabwino ndidzamutenga asanayambe sukulu. Ntchito yomwe ndinapeza mukuidziwa, yosamala gogo wa Chitchaina, mayi wa a Leung omwe amagulitsa matailosi ku Kanengo. Koma mukuidziwa mmene ndinkaikometsera pa Idi. Lero muidziwe mmene ilili.

Nyumbayi ili mumpanda wautali, pamwamba waya wamagetsi, mkati agalu awiri. Pabwalo ponse ndi simenti, palibe ngakhale kamtengo ka papaya. Kachipinda kanga kali kuseri, moyang'anana ndi thanki yamadzi. Geti limanditsegukira ine Lamlungu limodzi pa milungu iwiri iliyonse, kuyambira masana mpaka swala ya Magharibi, dzuwa likamalowa. Masiku enawo minibasi za pa M1 ndimangozimva, makondakitala akuitanira Kanengo, Nsungwi, tauni, koma sindiziona.

Gogoyo timamutcha Popo. Ali ndi zaka 78, mwendo umodzi sugwira bwino, Chingerezi sadziwa, Chichewa anachita kukana. Mwana wake amachoka m'mawa n'kubwera madzulo atatopa, ndipo mpongozi ndi adzukulu ali kwawo ku Hong Kong. Ndiye tsiku lonse m'nyumba muno ndi iye ndi ine basi. Musaganize za gogo wofatsa, ayi. Mlungu woyamba anandigenda ndi supuni chifukwa phala linalimba. Ine mumandidziwa. Ndinatola supuniyo n'kuiika pamwamba pa kabati, n'kumusiya akuliyang'ana phala lakelo mpaka linazizira.

Chomwe chinatigwirizanitsa ndi mahatchi. Malemu mwamuna wake anagwira ntchito moyo wake wonse yosambitsa ndi kupesa mahatchi ampikisano. Ndiye Lachitatu masana ndi Lamlungu m'mawa Popo amakhala patsogolo pa wailesi yakanema kuonera mipikisano ya kwawo, ndipo nthawi imeneyo ngakhale nyumba itayaka sangatembenuke. Musade nkhawa, juga palibe. Iye amasankha hatchi yake, ine yanga, ndipo woluza amamusendera mnzake nachesi. Manja ake amanjenjemera, koma akaluza amasenda ndithu, uku akung'ung'udza.

Chiyankhulo chake ndinachiyambira pamenepo. Anthu ena amayamba ndi moni ndi zikomo, ine ndinayamba ndi mawu okuluwika a pabwalo la mahatchi.

Mahatchi awiri akamabwera mutu ndi mutu, iyi kutsogola pang'ono, inayo kubweza, osadziwika kuti ifike ndi iti, Popo amamenya patebulo n'kumakuwa kuti ding dong maa tau. Tsiku loyamba ndinamuyeseza mongoseka. Anandigwira chibwano n'kundibwerezetsa mwina kakhumi, chifukwa kwawoko mawu amayenda ndi nyimbo yake, ukaiphonya wanena zina. Kuyambira tsiku limenelo sanandisiyenso.

Hatchi yomwe aliyense akuitama ikafika kumapeto itasanduka yachisanu, amati daai yit dou jou, ndiye kuti chotentha kwambiri chagubuduza mbaula. Yonyozeka ikadzidzimutsa anthu n'kupambana, amati baau laang, kuzizira kwaphulika. Zinthu zikakhala pakatikati, zoti zitha kugwera kulikonse, amati ng ng bo, zisanu uku zisanu uku. Ameneyu sanandivute n'komwe kutchula, poti ng' wa mu ng'ombe ndi ng'oma ife tinabadwa naye.

Panalinso ena amene sindinkawakonda. Mpikisano usanayambe, mahatchi akuwazunguliritsa kuti anthu awaone, Popo amaloza imodzi ndi kamtengo kake kodyera n'kunena kuti pui paau. Akutanthauza hatchi yomwe yangolowetsedwa kuti chiwerengero chikwane, yoperekeza anzake. Imasambitsidwa bwinobwino, imathamanga ndi mtima wonse, koma eni ake amadziwa kale kuti palibe chake. Popo akaloza saphonya kawirikawiri. Ine ndinkazimvera chisoni, ndipo nthawi zina ndinkasankha zomwezo dala, n'chifukwa chake manachesi ambiri ndasenda ine.

Kuchokera ku mahatchi, mawu ena anabwera okha: madzi, mankhwala, ululu, mvula, bodza. Pofika chaka chachiwiri ndinkatha kumukalipira m'chiyankhulo chake, iyenso n'kumabweza, kenako tonse n'kuseka. Anandiuza za kanyumba kake kam'mwamba, komwe ankati akasuzumira pazenera anthu pansi ankaoneka ngati nyerere. Ine ndinamuuza za Raisa. Ndinamuonetsa kachingwe kaja munayezera phazi lake chaka chatha kuti ndikamugulire nsapato ku msika wa Nsungwi. Ndimakasunga m'kachitini ka singano. Popo anakayala pachikhatho chake, n'kukayang'anitsitsa.

Tsono apa ndi pomwe kudzikuza kunandilowa. Lamlungu lina ndinalowa m'sitolo ya Mtchaina kutauni, n'kumupatsa moni wa Popo, nei hou. Bamboyo anamwetulira n'kuyankha zomveka ngati zomwezo. Ndinatuluka m'sitolomo mapewa ali m'mwamba. Zina zomwe ankakamba ndi mkazi wake sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma ndinangoti amalankhula mothamanga.

N'chifukwa chake pa Idi ndinadzipopa pamaso pa abale onse kuti ndimathyola Chitchaina, ndipo posachedwa ndikhala womasulira pa kampani. Inu munangoti mmm, uku mukumuluka Raisa tsitsi. Ndinakuonani, achemwali. Ndinamvanso mwanayo akukuitanani kuti mama, ine n'kunditi anti a ku Lilongwe. Munamukonza, inde, koma munamukonza motsitsa mawu, ngati munthu amene sakufuna kuti zimveke. Ndinaseka nawo pagulu paja. Mu basi pobwerera ndinalira kuyambira ku Mangochi mpaka ku Golomoti.

Mu Juni, a Laws, dalaivala wa a Leung, ananditsina khutu kuti kampani ina yomanga misewu ikufuna womasulira. Ntchito yamasana, kuweruka faifi. Mutu wanga unayamba kumanga nyumba nthawi yomweyo. Lamlungu langa lotsatira ndinakaona chipinda cha renti ku Sekita 7, cha zenera loyang'ana kumsewu, ndipo ndinayenda wapansi kuchokera pamenepo mpaka pa sukulu ya pulaimale kuti ndione ngati miyendo ya mwana ingakwanitse.

Ndinapempha a Leung tsiku limodzi ndi kalata ya umboni. Ndinkayembekezera kuti akana kapena alusa. Anavomera msangamsanga, n'kulemba kalatayo akumwetulira. Ndikanayenera kudabwa pamenepo, koma munthu ukafuna chinthu maso amachita khungu.

M'mawa wa tsikulo, nditavala diresi langa la Idi, ndinamufunsa Popo mmene akuuonera mwayi wanga. Anayang'ana kuzenera n'kuti ng ng bo. Popo akamanena za mpikisano amakuyang'ana m'maso kuti umutsutse. Tsiku limenelo sanandiyang'ane.

Ku kampaniko tinalipo anayi pabenchi. Pambali panga panali mtsikana wa ku Likuni, dzina lake Veronica, amene anaphunzira ku China zaka zinayi. Munthu wabwino, wosadzimva. Ine ndinamuyang'ana n'kumati mumtima, uli ndi mapepala, koma ine ndimagona n'kudzuka nacho chiyankhulochi.

Atandiitana ndinapeza anthu atatu patebulo, Atchaina awiri ndi Mmalawi mmodzi. Mayi wa Chitchaina anayamba kulankhula. Achemwali, sindinamve kanthu. Ndinaganiza kuti mantha anditseka makutu. Ndinamupempha mwaulemu, m'mawu abwino kwambiri omwe ndili nawo, kuti abwereze pang'onopang'ono. Anayang'anana. Anabwereza, koma sindinamvebe kanthu. Posowa chogwira, ndinaganiza zowasangalatsa, ndiye ndinaloza kubenchi kunja n'kunena kuti ine ndi anzangawa tili ding dong maa tau.

Bambo wa Chitchaina uja anaseka mpaka kuvula magalasi. Mayiyo sanaseke. Anandiuza m'Chingerezi, mofatsa, kuti chomwe ndikulankhulacho ndi Chikantonizi, cha ku Hong Kong ndi madera a kufupi nako, ndipo iye amangochimva m'mafilimu. Iwo akufuna Chimandarini. Anandithokoza chifukwa chobwera.

Panja Veronica ndi amene anandimasulira bwinobwino. Akuti ziyankhulo ziwirizi zimalembedwa mofananako, moni wakenso ngofananako, koma pakamwa zimasiyana kuposa Chiyao ndi Chitumbuka. Akuti Atchaina ambiri omwe ndimawaona m'misewu ndi m'masitolo muno amalankhula chinacho. Anandifunsa kuti kodi wondiphunzitsayo sanandiuze? Anandinyemera chimanga chake chootcha, ndipo ndinadya chifukwa ndinasowa chochita ndi pakamwa panga. Ntchito anatenga iyeyo, ndipo inali yake ndithu.

Ndiye pamene ndinkakuuzani pa foni kuti zotsatira sizinatuluke, linali bodza. Zanga zinatuluka ndisanadzuke n'komwe pampando.

Nditafika kunyumba sindinavule ngakhale nsapato. Ndinamupeza Popo pamalo pake, n'kumulavulira moto m'chiyankhulo chake chomwecho, poti china chomukalipira nacho ndilibe. Ndinamufunsa ngati ankadziwa. Sanazembe. Anati ankadziwa kuyambira kalekale, mwana wakenso ankadziwa, n'chifukwa chake kalata ija anailemba mosavuta. Anati tsiku lija ndinali pui paau, ndipo anaona izi ndisanatuluke pageti.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sanandiuze zaka zonsezi, akudziwa kuti ndikuphunzirira mwana wanga. Anati akanandiuza ndikanapita kukafuna chinacho, ndikanachigwira poti mutu ndili nawo, ndipo ndikanachoka. Anati chibwerere kuno papita zaka zisanu ndi chimodzi, atsikana anayi anadutsa ine ndisanabwere, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaphunzira ngakhale kuti madzi. Anati ankalankhula ndi wailesi yakanema. Sanapepese. Anangoti akanakhala ndi mwayi wina akanachitanso chimodzimodzi.

Ndinamuda, achemwali. Zaka zitatu ndakhala ndikumusambitsa, kumupesa, kumutikita mwendo, iye akundidyera masuku pamutu. Mlungu wathunthu ndinkamuyankha m'Chichewa chokha. Akapempha madzi ndinkamupatsa, koma pakamwa panga ankangomva "nawa madzi anu". Mahatchi ankaonera yekha.

Koma ndinkalanga ndani? Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinadzipeza ndili kuseri ndikuyanika zovala, ndikuwauza agalu nkhani m'Chikantonizi. Ndinaganiza zolongedza n'kuchoka. Kupita kuti? Ndilibe pepala la Fomu 4. Chokhacho chomwe ndaphunzira m'tauni muno chimagwira ntchito mkati mwa mpanda uno mokha, ndipo wochimva ndi mmodzi, wa zaka 78. Ndinabwerera m'nyumba n'kumufunsa ngati akufuna tiyi, m'chiyankhulo chake.

Zomwe zinatsatira sindinazipemphe. Uthenga wa amalume utafika ndinamufotokozera Popo, osati pofuna thandizo, koma poti ndilibe wina womuuza. Mawa lake anakana chakudya. Anakananso mankhwala. Masiku awiri ankangokangana ndi mwana wake, mawu akumveka mpaka kuthanki. Tsiku lachitatu a Leung anandiitana pakhonde, nkhope ili gwa, n'kunena kuti Raisa atha kubwera kudzakhala nane m'kachipinda kanga. Anaika malamulo ake. Mwana asamatuluke pageti yekha, anzake asamalowe mumpanda, kusukulu azimusiya ndi kukamutenga a Laws, ndipo kokayenda azipita Lamlungu langa lomwelo.

Mwaona, achemwali? Baau laang. Hatchi yoperekeza ija inapezeka ili kutsogolo. Ndinali ndi malo, ndinali ndi sukulu, ndinali ndi galimoto yomutengera mwana, zomwe ku Namwera kulibe amene angazitsutse. Ndinavina kukhitchini ndekha.

Ndipo poti ndalonjeza zoona, imvani zonse. Ndinakonzekera kudzakugonjetsani. Ndinayeserera mawu oti ndidzanene pakhonde pa amalume, ndipo sanali mawu abwino. Ndinkafuna kudzaona nkhope yanu. Lamlungu langa ndinapita ku Nsungwi n'kugula chidole cholira ukachifinya, ndi nsapato zoyaka magetsi kuchidendene, kuti pa 23 ndidzaziike pamiyendo panga mwanayo akamasankha. Inde, ndinkafuna kumukopa mwana wanga yemwe ngati nkhuku ndi madeya. Pogula nsapatozo ndinatulutsa kachingwe kakale kaja. Wogulitsa anandifunsa kuti kayezedwa liti. Nditati chaka chatha anaseka, n'kuti mayi, mwana sadikira chingwe. Tinangowonjezera chala chimodzi mongoganiza.

Lamlungu lapitali ndi lomwe linanditembenuza. Mwezi uno kwawoko mahatchi ali pa tchuthi, ndiye timaonera mipikisano yakale yomwe a Leung anamusungira mayi awo. Nditalowa pabalaza ndinapeza pakati pa mpando wa Popo ndi wanga pali kampando kofiira ka pulasitiki. Anachita kutuma a Laws. Popo anakasisita, nkhope ikuwala mmene sindinaionerepo. Anati ana amagwira chiyankhulo msanga, pakutha chaka Raisa adzandiposa ine. Anati ndikamachapa kuseri iye adzakhala ndi wocheza naye, ndipo adzamuphunzitsa kusankha hatchi poyang'ana makutu. Kenako anati tsopano tikhala atatu, palibenso amene adzafune kuchoka.

Ananena mwachikondi, ndikulumbira. Koma ine thupi lonse linazizira.

Ndinayang'ana kampandoko, n'kuyang'ana kuzenera. Simenti, agalu, khoma, waya. Ndinakumbukira Raisa pa Idi paja, akuthamanga ndi chigulu cha anzake kuchokera ku madrasa, mapazi ali mbuu, n'kukwera mumtengo wa gwafa kuseri kwa nyumba yanu. Ndinamuitana katatu kuti adzandipatse moni ndipo sanandimve chifukwa cha kuseka. Tsiku lija zinandipweteka. Lamlungu ndinaona kuti mwana amene samva kuitana chifukwa cha kuseka ndi mwana amene ali pabwino.

Zomwe Popo anandichita ine, ndinali pafupi kumuchita mwana wanga, ndipo chifukwa chake n'chomwecho. Ndikusowa wolankhula naye. Ndikufuna munthu wanga mumpanda muno. Ndinamuona Raisa ali ndi zaka khumi ndi zisanu, akudziwa mayina a mahatchi a dziko lomwe sadzapitako, asakudziwa dzina la mwana wa nyumba yoyandikana nayo. Pa kanema mahatchi ankathamanga mpikisano womwe tauonera kale katatu, ndipo Popo ankamenyabe patebulo ngati sakudziwa mathero ake.

Ndiye nayi nkhani yomwe ndalembera kalatayi. Pa 23 sindibwera. Muwauze amalume kuti msonkhano kulibe, ndipo mwanayo asamukhazike pakati pa anthu awiri amene amawakonda kuti asankhe anthu akuonerera. Si hatchi. Mukamulembetse sukulu komweko.

Musandiyese woyera mtima. Mantha alimonso. Ndakhala ndikudziuza kuti akanafunsidwa zikanakhala ng ng bo, zisanu kwa inu zisanu kwa ine, koma limenelonso ndi bodza la pa foni. Akanabwera kwa inu osacheuka, ine n'kutsala ndi chidole pamiyendo abale onse akundiyang'ana. Kapena akanaona magetsi a nsapato n'kubwera kwa ine, kenako tsiku lachitatu n'kuyamba kulirira mama ake kuseri kwa geti lokhoma. Zonse ziwirizi sindingathe kuzipirira.

Inunso ndakukwiyirani, ngakhale simunalakwe. Mwamulera bwino mwana wanga, ndipo n'chimene chikundiwawa. Akanakhala wowonda, wa zipere, ndikanabwera ndi ukali wanga n'kumunyamula, mtima uli mbee. Ndikudziwa kuti mwadikira mwana wanuwanu zaka khumi ndi chimodzi, ndikudziwanso zomwe azilamu anu akhala akukunenani. Sindikukupatsani Raisa ngati mphatso, chifukwa si wanga ndekha woti n'kupereka. Ndangosiya kulimbana nanu. Chonde musandiimbire foni yondithokoza, ndidula.

Popo sindinamuuze. Kampando kaja kadakali pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse amakapukuta ndi kathaulo kake. Sindikudziwa kuti ndiyambira pati. Tsiku lina ndimafuna kumusiya aone mmene zimawawira, koma nthawi ya mankhwala ikakwana miyendo imanditengera yokha kuchipinda kwake. Ine ndi iye takhomerana muno, ndipo makiyi sindikudziwa kuti ali ndi ndani. Mundipempherere dua.

Ndili ndi zopempha ziwiri zokha.

Choyamba, m'kaundula wa kusukulu, pomwe alemba dzina la mayi, mulembe Nafisa. Kunyumba azikuitanani mama, ndipo musavutikenso kumukonza. Koma tsiku lina akadzadziwa kuwerenga, apeze dzina langa penapake.

Chachiwiri ndi ichi. M'kathumba komwe ndapatsira a Fatu muli chidole chija ndi nsapato zija. Chidolecho mumupatse, musanene kuti chinagulidwira chiyani. Nsapatozo ndikukayika ngati zimukwane, ndipo zikakana mupatse mwana wina wocheperapo. A Fatu akubwerera kuno Lachiwiri. Muwapatsire kachingwe katsopano. Yunifolomu, makope, tsitsi, malungo a pakati pa mvula, mafunso ake onse, zimenezo ndi zanu tsopano. Nsapato zokha ndisiyireni ine. Phazi likangokula, musamugulire, ngakhale alamu atanena kuti ku Namwera ziliko zotchipa. Tumizani kachingwe, ine ndizitha Lamlungu langa ndikusankha, ndipo tizingwe takaleto ndizitisunga m'kachitini kuti ndiziona mmene akukulira.

Mundiperekere moni kwa alamu a Swaleh, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa onse apamudzi amene anandimva ndikudzitama pa Idi. Muwauze kuti Chitchaina ndimathyoladi, kungoti n'cha munthu mmodzi. Allah akusungeni, akupatseni mphamvu ndi moyo wautali, ndipo amutsegulire mwanayo mutu kusukulu. Mumupsompsone pachipumi, munene kuti ndi za anti a ku Lilongwe.

Pomuyezapo mumuimiritse, asakhale pansi, ndipo musawonjezere chala ngakhale chimodzi. Ndikufuna phazi lake lenilenilo.

Ndine mng'ono wanu,
Nafisa.